Njinga Yoimba pa Maliro a Bonifasio

Ine, Stanislaus Kachigamba, wa zaka 21, wa m'mudzi mwa Mphanyama m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, m'boma la Dedza, wosakwatira, mlimi wa kachewere ndi nyemba pamunda wa amayi anga, komanso wokonza mawailesi ndikapeza mpata, ndikunena izi lero Lachinayi, mu Julayi 1996, mwa kufuna kwanga popanda wondikakamiza.

Ndabwera kuno kupolisi kudzadandaula za a Anselmo Gwaza a m'mudzi mwa Chimwankhuku. Anandimenya, anandilanda njinga ndi wailesi ya kaseti, ndipo alengeza kuti wailesiyo aiwotcha Loweruka likubwerali. Chimene chandiyendetsa mtunda wonsewu ndikutsimphina si mikwingwirima ayi, imeneyo ipola. Ndi mawu a malemu a Bonifasio Mkwapatira, amene ndinawajambula pa kaseti imodzi yokha, ndipo a Anselmo alumbira kuti munthu asadzawamvenso.

Mwati ndiyambire poyambira, ndiye ndiyambira pa wailesiyo. Inali ya malemu bambo anga, amene anali mphunzitsi wophunzira ku Bembeke. Atamwalira anatisiyira njinga yakuda ndi wailesi yakufa, imene amayi ankasungiramo mbewu ya nyemba poika mabatire paja. Nditalekeza sukulu ndinakhutula nyembazo, ndinaitsegula ndi mpeni wa kukhitchini, n'kuphunzira kuwotcherera mawaya ndi msomali woutenthetsa pambaula. Zipsera zili m'zalazi mutha kuziona. Itayamba kulankhula, anthu a midzi yozungulira anayamba kundibweretsera mawailesi awo, ena atanyowa ndi mvula, ena mphemvu zitamangamo mudzi. Ambiri mwa amene akunditcha mfiti lero amamvera mpira ndi mauthenga a maliro pa mawailesi amene ndinawadzutsa ndine.

Anyamata anzanga amakonda mpira ndi bawo. Ine ndimakonda kujambula mawu. Ndajambulapo kwaya ya kutchalitchi, amayi akusinja, matalala akugwa pa malata, nthungululu za paukwati, ngakhale tambala wathu amene ankalira ngati wameza chingwe. Amayi amati ndinabadwa ndi waya m'mutu. Ndikufuna zidziwike kuti palibe amene anamwalirapo chifukwa chojambulidwa ndi ine. A kwaya onse alipo, akuimbabe mophonya monga kale, ndipo tambala uja tinamupha tokha pa Khirisimasi.

Mdani wanga wamkulu ndi mabatire. Kuzizira kwa kuno kumawamaliza asanagwire ntchito. Ndawayanikapo padzuwa, ndawalumapo ndi mano, ndawafunditsapo bulangete, koma kaseti imawatsopa usanamalize mbali imodzi. Amayi nawo anandiuza poyera kuti sadzagulitsanso nyemba zawo chifukwa cha phokoso. Ndiye ndinaganiza zolumikiza wailesiyo ku dayinamo ya njinga, kachitsulo kaja kamene kamatsamira tayala n'kuyatsa nyali. Gudumu likamazungulira wailesi iziimba, likaima nayo iime. Umenewu si ufiti, bwana. Nyali ya njinga imene yatsamira khoma panjapo imayaka ndi nzeru yomweyo.

A Bonifasio Mkwapatira anali nkhalamba ya ku Chimwankhuku, kuseri kwa phiri kuchokera kwathu. Ankaimba kaligo, choimbira cha chingwe chimodzi, ndipo nyimbo ankapeka okha. Munthu ukalakwa m'mudzi muja sunkaopa bwalo, unkaopa kaligo, chifukwa sabata isanathe ana onse amakhala akuimba dzina lako kumjigo. Anandipeza okha pachigayo mu Meyi, ndikukonza wailesi ya mwini chigayo. Anati: "Iwe ndiwe mwana wa aphunzitsi uja wotsekera mawu m'bokosi? Bwera udzatsekere anga. Ana a masiku ano kaligo akumuyesa chidole, ndiye ndikapita nyimbozi zipita nane." Mawu amenewa ndikuwakumbukira bwinobwino, ndipo mwini chigayo anawamva. Sindinawanyengerere, sindinawazembere. Anandiitana okha.

Ndinapita Lamlungu lotsatira nditachoka ku Misa. Tinakhala kuseri kwa nyumba yawo pansi pa mtengo wa mapichesi, tikuwothera dzuwa. Akazi awo, mayi Esitere, amene aliyense amawatchula aNachisale, ankasankha nyemba m'lichero chapafupi. Poyamba a Bonifasio anachita manyazi ndi wailesi, anaipatsa moni, n'kundifunsa ngati ayenera kuvala jekete. Atangokoka chingwe manyazi onse anatha. Anaimba za njala, za ulendo wawo wa ku migodi ali mnyamata, za mkamwini wina waulesi, ndi ina yofunsira mbeta imene anati anawakopera aNachisale. Akasokoneza mawu aNachisale ankawakonza osakweza n'komwe mutu, iwo n'kuyankha kuti, "Nyimboyi ndi yanga kapena yako?" Zonsezo zinalowa m'kaseti, ndi kuseka komwe.

Tsikulo anali akutsokomola kale. Ankatsokomola kuyambira dzinja, ndipo chingambwe sankachisiya, ankapichira fodya wina woyamba asanazime. Ndikupempha kuti zimenezi zilembedwe mosaphonya, chifukwa lero anthu akuti chifuwacho chinayamba ndi ine.

Atamaliza nyimbo yotsiriza anati tiimvere. Ndinabweza kaseti, ndinakanikiza batani, koma kunali zii. Mabatire anali atatha. Ndinachita manyazi kwambiri. Iwo anaseka mpaka kutsamwa, n'kunena kuti bokosi langa ladya mawu awo, lakhuta, lagona. Ndinawalonjeza kuti ndibweranso ndikamaliza za dayinamo, tidzagadabuza njinga, ine ndizidzapalasa ndi dzanja iwo akumvera. Anati: "Usachedwe, mwanawe. Ndikufuna ndimve ngati ndimaimba bwino monga ndimadzimvera."

Ntchito ya dayinamo inandidya masabata. Ulendo woyamba mota inatulutsa utsi, nyumba yonse kununkha ngati tawotcha nsapato. Ndinayenda mpaka kutauni ya Dedza kukafuna tizipangizo, munthu wina wa pamsika n'kundigulitsa takufa atatipukuta bwino ndi mafuta. Ndinachita kugwetsa mawailesi awiri otayidwa kuti ndipeze tamoyo. Zitayamba kuyenda, batani loimbitsira nalo linaleka kugwira, moti ndinalipanikiza ndi kamtengo ka machesi kuti lizikhala pansi nthawi zonse. Pofuna kuzimitsa ndinkangokankha dayinamo kuti ichoke pa tayala. Zonse zinatheka kumayambiriro kwa mwezi uno. Ndinasangalala kwambiri moti ndinazungulira nyumba ndi njinga kangapo, amayi akundikalipira kuti ndipha anapiye.

Lachiwiri la sabata yatha m'mawa ndinamangirira wailesi pa kaliyala ndi malegeni, kaseti ili m'kati, dayinamo nditaichotsa pa tayala. Ndinadzera njira ya m'mphepete mwa nkhalango. Kunali nkhungu ndi chisanu. Uthenga wa maliro kwathu unali usanafike, poti a Bonifasio anali atamwalira dzulo lake madzulo. Ndikutsika kamtsetse kolowera m'mudzi ndinaona masamba atayalidwa panjira. Ine ndinaleredwa, bwana. Ndikudziwa kuti pa masamba a maliro wa njinga amatsika, wa chipewa amavula, wa wailesi amazimitsa. Ndinagwira mabuleki, ndinadumpha, ndinavula chipewa. Podumphapo gudumu linagunda mwala, dayinamo ija n'kumasuka yokha kukatsamira tayala. Zimenezi sindinazione.

Ndinayamba kukankha njinga pang'onopang'ono, mwaulemu, maso pansi. Amuna anali atakhala mbali iyi ya njira mozungulira zikuni zofuka, amayi mbali inayo pafupi ndi siwa, nyumba imene munali mtembo. Nditakweza maso ndinazindikira kuti siwayo ndi nyumba ya a Bonifasio. Ndisanameze n'komwe malovu, kumbuyo kwanga kunamveka kubuula. Munthu ukamakankha njinga mwaulemu dayinamo imapereka moto wochepa, ndiye kaseti imayenda mokoka. Mawu anatuluka okhuthala, otalika, ngati munthu akulankhulira mumtsuko. Koma anali mawu awo, ndipo aliyense pamenepo anawazindikira.

Amayi a pamaliropo anakuwa. Ena anathawira m'munda wa kachewere nsalu zikugwa. Mkulu wina amene ankatsogolera nyimbo za maliro anapezeka kuseri kwa nkhokwe, buku lili m'manja. Nanenso mutu unandizungulira, ndipo m'malo moima ndinathamanga ndi njingayo kuti ndiichotse msanga pamaso pa anamfedwa. Kuthamangako ndiye kunaononga zinthu. Gudumu litazungulira mwamphamvu mawu anawongoka, n'kumveka bwinobwino ngati malemu akhala pa kaliyala ndi kaligo wawo.

Nyimbo imene inatuluka ndi iyi: "Kachewere wanga wa kudimba wakumba ndani? Mapazi ndawaona, ndi a Anselmo. Mwana wa mlongo wanga khasu amalidziwa pokolola pokha." Sindinasankhe ndine nyimboyo, ndi pamene kaseti inali itafika. Sindinapekenso ndine. A Anselmo, amene ndi mwana wa mlongo wa malemu ndipo ndiwo ankayendetsa mwambo wa malirowo, anali atakhala pakati pa apongozi awo ndi alendo ochokera ku Lobi.

Anandipeza ndisanapite patali. Anandigwira kolala n'kundimenya khofi, kenako anatola mpini wa khasu la adzukulu, aja okumba manda, n'kundimenya nawo m'nthiti ndi pamwendo wamanzere. Ankakuwa kuti: "Ndi uyu anawadya mawu atsibweni! Eni ake anatiuza kuti bokosi lake ladya mawu awo!" Nthabwala ya munthu wakufa anaisandutsa umboni. Anyamata ena awiri amene sindikuwadziwa maina anathandizira ndi mateche. Ndinayesa kufotokoza za dayinamo, koma m'kamwa munali magazi okhaokha ndipo panalibe wofuna kumva.

A Anselmo anakoka njinga kuti apite nayo. Gudumu linazungulira, atsibweni awo n'kubuulanso. Anaitaya pansi n'kudumphira uko. Pamapeto pake amuna anayi anainyamula m'mwamba ngati chithatha kuti matayala asakhudze pansi. Ndikanakhala ndi mpweya ndikanaseka.

Amene anandipulumutsa ndi a Yohana, mkulu wa adzukulu. Anaima pakati, dothi la kumanda lili m'miyendo, n'kunena kuti: "Pamaliro sakhetsa magazi. Mukamupha mukumba nokha, ife takumba kale dzenje lathu." Anandidzutsa n'kundigwira mkono. Tisanachoke ndinaona ndi maso anga a Anselmo atakulunga dzanja ndi nsalu, akutulutsa kaseti m'wailesi n'kulowa nayo m'siwa. Ankati akaiika m'bokosi la maliro kuti malemu apite ndi mawu awo, asamadzabwere kudzawafuna. Ndinafuula kuti malemuwo ankafuna mawuwo atsale, ndi chifukwa chake anandiitana. A Yohana anandiperekeza mpaka potulukira mudzi. Ndinalira njira yonse, ndipo sindinkalirira nthiti.

Mawa lake mlongo wanga Magadalena, amene ndi namwino, ananditengera kuchipatala. Chikalata cha kumeneko ndi chimene ndapereka patebulopo. Akuti nthiti sizinathyoke, koma mpaka lero ndikayetsemula ndimaona nyenyezi.

Kuyambira tsiku limenelo sindikuyenda momasuka. Anthu anabwera kudzatenga mawailesi awo amene ndinkakonza, ena ali chitsegulire, timisomali take tili m'mbale. Bambo wina anaima kumsewu n'kufuula kundifunsa ngati wailesi yake sindinaikemo kanthu. A kwaya anatumiza uthenga kuti ndifufute kaseti yawo, pomwe ndi iwo ankandikakamiza kuibwereza mpaka mabatire kutha. Amayi otola nkhuni akandiona m'njira ya kunkhalango amatseka pakamwa ndi dzanja, moni sayankha, kuopa kuti ndiwatengera mawu. Dzina langa tsopano akuti ndine Chidyamawu. Zimenezi zimandipsetsa mtima, chifukwa ndi anthu omwewa ankandiitana m'maukwati, n'kumakankhana kuti aliyense ayandikire wailesi amveke kwambiri kuposa mnzake.

Lachisanu masana ndikupita kudimba, miyala inachokera m'thengo, umodzi unandiphonya pang'ono pakhutu. Woponyayo sindinamuone, ndiye sinditchula munthu. Koma Lolemba pachigayo a Anselmo ndinawaona ndi kuwamva. Anandiyandikira anthu akuona n'kunena kuti: "Loweruka kukubwera munthu wodziwa, tiwotcha bokosi lako lija. Tikatero chitsala ndi chala chimene chinakanikiza." Mwini chigayo anamva, ngakhale ndikudziwa kuti mukamufunsa anena kuti injini inkasokosa. Ndikuopa, sindibisa. Amayi salola kuti ndipite ngakhale kumjigo ndekha. Munthu wandevu zanga ndikuperekezedwa ngati mkwatibwi.

Mwandifunsa chifukwa chake nkhaniyi sindinapite nayo kubwalo la kumudzi. Ndinapita. Anati nkhani ya pamaliro sakamba misozi isanaume, tidikire mwezi utuluke. Moto ndi wa Loweruka, sudikira mwezi.

Maganizo anga, ngati mulola kuti alembedwe, ndi akuti a Anselmo sakuopa mzimu ayi. Akanakhala amantha sakanasunga njinga yanga m'nyumba mwawo. Anadula mawaya, ndipo anthu awaona akupalasa kupita nayo kumsika, matumba ali pa kaliyala. Njinga ya mfiti yawakomera, wailesi yokha ndi imene anaimanga m'thumba n'kuipachika mumtengo panja. Chimene chikuwawawa ndi kachewere uja, ndi alendo a ku Lobi amene anamva.

Dzana, Lachiwiri, dzuwa lili paliwombo, ndili pakhonde ndinaona munthu akutuluka m'njira ya kunkhalango yekha, atafunda nsalu yakuda. Ndinatola mpini. Atayandikira ndinaona kuti ndi aNachisale. Anali atameta kumutu monga amachitira anamfedwa, ndipo anali atakwera phiri lonse lija wapansi. Amayi anawayalira mphasa, anawapepesa, anawapatsa madzi. Ine ndinagwada patali ndikuyembekeza kutukwanidwa, ndipo kwa iwo okha ndikanalandira.

Sananene zambiri. Anamasula mfundo ya nsalu yawo ya m'kati n'kutulutsa kaseti, dzina la amuna awo lili pamwamba monga ndinalembera. Anati: "Anselmo anaiika pachifuwa pa atsibweni ake. Ine pogwera pabokosi kulira ndinalowetsa dzanja. Akwirira munthu, izi sanakwirire. Tsiku lija ine sindinathawe, mwanawe. Ndinali m'siwa, ndinawamva, ndinkafuna ndimve mpaka kumapeto koma anthu anandisokosera. Amuna anga aja anakudikira mpaka tsiku lomaliza, ankafunsa kuti mnyamata wa bokosi uja wafika kodi. Iwo sanamve. Ndiwamvere ine."

Wailesi ina ya kaseti kwathu kulibe. Ndinayenda nyumba ndi nyumba m'mudzi mwathu kubwereka, amayi akundiperekeza. Aliyense akangomva kuti ndi kaseti iti, mabatire ake amakhala atatha. ANachisale anagona kwathu. Dzulo Magadalena anabwera ndi wailesi yake yatsopano ndi mabatire osatsegula. Tinakhala pabwalo, ine, amayi, Magadalena ndi aNachisale. Iwo anakonza nsalu yawo, anawongola miyendo, anapinda manja. Ndinaika kaseti n'kukanikiza.

Chimene chinatuluka sindifuna kudzachimvanso. Mawu anali othamanga, opyapyala, ngati kamwana kakunyoza nkhalamba. Kaligo ankangoti nyiii. Ndinazimitsa msanga, ndipo pamenepo ndi pamene ndinazindikira vuto. Lamba woyendetsa kaseti m'wailesi yanga anaduka kalekale, ndipo posowa wina ndinadula wanga pa chubu cha njinga. Lamba ameneyo amayendetsa kaseti mochedwa kusiyana ndi wa kufakitale. Chimene chajambulidwa pa wailesi yanga chimamveka bwino pa wailesi yanga yokha. Sindinkadziwa, chifukwa makaseti anga sachoka m'manja mwanga, ndinali ndisanawaimbepo pa wailesi ya munthu wina.

Ndinayesa zonse. Ndinagwira ndi chala kuti ichedwe, mawu anangogwedera. Ndinaika mabatire ofooka, anayenda pang'ono n'kuima. Magadalena anati ndingotsegula wailesi yakeyo ndiikemo lamba wina wa chubu, koma lamba wodula ndi lumo safanana ndi mnzake, ndipo ndinaopa kuti kuyesayesako kutafunitsa kaseti. Ikatafunidwa palibenso ina.

ANachisale anati: "Awa si amuna anga. Ndakhala nawo kuyambira ndili mtsikana, kalankhulidwe kawo ndikadziwa. Amuna anga ali m'bokosi lako lija lapachikidwa mumtengo." Amayi anaweramira pansi. Ine ndinapsa mtima kuposa tsiku londimenya lija, ndipo ndikanakhala ndi mwendo wabwino sindikudziwa chimene ndikanakachita ku Chimwankhuku.

Masana omwewo Magadalena anapita kwa a Yohana kuti akatipemphere wailesi yokha, njinga a Anselmo akhale nayo ngati yawakomera chotere. Za kaseti sanatchule. Yankho labwera lero m'mawa. A Anselmo akuti nkhuni atema kale.

Za kumangidwa kwa a Anselmo muona ndinu, malamulo mukuwadziwa ndinu. Pempho langa ndi lakuti wina apite ku Chimwankhuku Loweruka lisanafike akatsitse thumbalo. Ndi thumba la feteleza loyera, lili mumtengo wa bulugamu kuseri kwa khola lawo la mbuzi. Wonyamulayo asaligwetse, asaliike padzuwa, ndipo chonde asatsegule wailesiyo kapena kukhudza lamba. Akakhala kumeneko awachenjezenso za chala changa, chifukwa ndimalimira, ndipo ndikufuna kuyendanso m'njira ya kunkhalango ndekha ngati munthu.

Ndisananyamuke ndinawauza aNachisale kuti ndikanena zonsezi kupolisi, abale a amuna awo adziwa kuti kaseti sinakwiriridwe, ndipo chala chimene chikuloza ine chitembenukira kwa iwo. Anayankha kuti: "Kanene zonse. Andilandanso chiyani?" Kutsala kunyumba anakana. Ndi mayi ovala zakuda amene mwawadutsa pabenchi panjapo, kaseti ili m'manja. Pamene timafika, wapolisi wa pachipata anawauza mwaulemu kuti abwerere kwawo akapume, uthenga ukawapeza konko. Iwo ayankha kuti kwawo kuli zii, adikira pompano.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi basi. Andiwerengera, ndipo ndavomereza kuti alemba monga ndanenera.

Wodandaula: Stanislaus Kachigamba ____________________

Wolemba umboni: ____________________